Khutu ndilo liyamba kulemba

Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga adandibweretsera chimangirizo chimene mphunzitsi aliyense akadachipatsa malikisi ochuluka. Zilembo zoongoka, ndime zogawidwa bwino, mipumiro ndi mipatuliro ili m'malo mwake, miyambi iwiri itakhala pomwe silabasi imafuna. Mutu udali wa tsiku limene sadzaliiwala, ndipo iye adalemba za tsiku limene agogo ake adamwalira. Ndidawerenga mpaka kumapeto osapeza cholakwika, komanso osamva kanthu mumtima. Ndidamuitana n'kumuuza kuti, "Tandiwerengere mokweza, ngati ukuuza mnzako." Adayamba bwinobwino, koma atafika pa chiganizo chachitatu adaima. Chiganizocho chinkati mtima wake udasweka ngati galasi ndipo misozi idayenda ngati mtsinje. Adayang'anitsitsa pepalalo, kenaka adati, "Aphunzitsi, koma sizidali chonchi." Ndidamufunsa kuti nanga zidali bwanji. Adati tsikulo sadalire n'komwe. Adangoona nsapato za agogowo zili pakhomo monga mwa masiku onse, anthu akuzilambalala polowa ndi potuluka, popanda wofuna kuzisuntha.

Cholembera changa chofiira sichikadaligwira bodza limenelo, chifukwa papepala lidali litavala bwino. Lidakanidwa ndi pakamwa pa mwini wake. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuuza aphunzitsi anzanga kuti munthu amalemba ndi khutu, dzanja limangotsatira pambuyo. Ngati zili choncho, ndiye kuti ana timawalakwira pamene tikankhira nyimbo ndi zisudzo kumadzulo, kukhala zochita za okhawo amene alibe kothamangira, kwinaku phunziro la kulemba tikulichititsa m'chipinda muli zii, aliyense ataweramira kope lake ngati akubisa kanthu. Ndine mlembi, ndinenso mphunzitsi, ndipo zambiri zimene ndimadziwa pa kulemba sindidazipeze padesiki. Ndidazitola m'kwaya, kuseri kwa nsalu ya pasiteji, ndi m'maulendo momwe ndidali mlendo wosamva chiyankhulo.

Taonani zizindikiro za m'kalembedwe zomwe timalanga nazo ana tsiku ndi tsiku. Agiriki akale ankalemba mawu mophatikiza, popanda mpata pakati pa liwu ndi linzake, moti wowerenga ankayenera kuwayesa pakamwa kuti adziwe pamene liwu lathera. Zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe, Aristophanes wa ku Byzantium, yemwe ankayang'anira nyumba yaikulu ya mabuku ku Alexandria, adakonza njira yoika timadontho, kena m'munsi, kena pakati, kena m'mwamba mwa mzere, kuti wowerenga adziwe popumira pang'ono ndi popumira kwambiri. Dzina lathu lakuti mpumiro silidabise zimenezi: ndi popumira munthu wa mapapo. Patapita zaka mazana ambiri, Augustine, mlembi amene pambuyo pake adadzakhala bishopu, atafika ku Milan ku Italy m'chaka cha 384, adaona bishopu Ambrose akuwerenga ndi maso okha, lilime lili phee, ndipo adachiona kuti n'choyenera kuchilemba. Akatswiri amatsutsana ngati kuwerenga chamumtima kudali kosowa kwenikweni nthawi imeneyo. Chosatsutsika n'chakuti zolemba zidayamba ngati chosungira mawu oyankhulidwa, ndipo ubale umenewo sudathe.

Ife oyankhula Chichewa tili ndi chifukwa china choonjezera. Lembani kuti mtengo. Kodi ndi womera m'nthaka kapena wa chinthu chogulitsidwa? Pepala silinena, koma khutu limadziwa, chifukwa liwu limakwera pena n'kutsika pena. Chiyankhulo chathu chimayenda ndi kaimbidwe kamene alifabeti sionetsa, ndipo wowerenga aliyense amakabwezeretsa yekha m'mutu mwake. Ndiye pali mivekero. Mukalemba kuti kudada bii, kapena kuti adangoti zyoli, mwalemba chinthu chimene chilibe moyo mpaka wina atachimva. Mwana amene sadazolowere kumvetsera zolemba zake amaithawa mivekero, n'kumaunjika afotokozi ndi aonjezi mmalo mwake, chifukwa ndiwo amaoneka aulemu papepala. Chimatsalapo ndi Chichewa chopanda magazi, chimene palibe munthu adachiyankhulapo.

Ndidayamba kuimba kwaya ndili wamng'ono. Akulu amene ankatiphunzitsa sankakwiya kwenikweni munthu akaphonya noti. Chimene chinkawaimitsa nyimbo pakati ndi kulowa msanga. Ankati, "Pamenepo timakhala chete, ndipo kukhala cheteko ndi nyimbo yomwe. Musadumphe." Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti akungotivutitsa, koma lero ndimaona kuti limenelo lidali phunziro langa loyamba la kulemba. Pa 29 Ogasiti 1952, ku Woodstock m'chigawo cha New York, woimba piyano David Tudor adakhala pa chida chake mphindi 4 ndi masekondi 33 osagunda noti ndi imodzi yomwe, potsata nyimbo yopanda noti imene wopeka nyimbo John Cage adakonza. Anthu adamva mphepo kunja, mvula padenga, ndi kung'ung'udza kwawo komwe. Ena adakwiya n'kutuluka. Ine ntchito imeneyo sindiiika pamodzi ndi nyimbo zimene ndimazikonda, koma zimene idaonetsa ndimazilemekeza: woimba akasiya mpata, womvera amaudzaza ndi zake. Mlembi wongoyamba amauopa mpata umenewu. Akalemba kuti mayi adatseka chitseko, amafulumira kuonjezera kuti adatseka mokwiya, chifukwa adakhumudwa, popeza mwana wake adamunyoza. Pomwe wowerenga akadamva kulira kwa chitsekocho n'kudzipezera yekha mkwiyo, mlembi wayankhulapo kale.

Nyimbo idandimasulanso ku lamulo lina limene timapatsa ana popanda kuliganizira, lakuti asabwereze liwu. Mwana akalemba kuti nyumba m'chiganizo choyamba, m'chachiwiri amati malo okhala, m'chachitatu amati khomo, mpaka wowerenga kuyamba kukayika ngati nyumbayo ikadali imodzi. Woimba sachita manyazi ndi kubwereza. Kolasi imabwera kachitatu ndi mawu omwewo, koma kachitatuko imalemera kuposa poyamba chifukwa cha zimene zadutsa pakati. Pakati pa 1933 ndi 1935, Milman Parry wa ku yunivesite ya Harvard, mothandizidwa ndi wophunzira wake Albert Lord, adajambula mawu a oimba ndakatulo zazitali m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Yugoslavia. Mmodzi wa iwo, Avdo Međedović, sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, koma adapereka ndakatulo ya mizere yoposa 12,000. Sankaloweza liwu ndi liwu. Ankamanga nyimboyo pomwepo, ndi timagulu ta mawu tobwerezabwereza tokwana bwino m'kagundidwe ka mzere. Parry adaonetsa kuti ndakatulo za Homer, mlakatuli wakale wachigiriki, zimene anthu a ku Ulaya amaziyesa chiyambi cha zolemba zawo, zidamangidwa ndi njira yomweyo. Choncho pamene ndikudula liwu lobwerezedwa m'kope la mwana, ndiyenera kuyamba ndafunsa ngati walibwereza chifukwa cha ulesi kapena chifukwa chakuti khutu lake lamva ng'oma. Kawirikawiri sindingadziwe mpaka atandiwerengera.

Koma sukulu imene idandiphwanya ndi kundiumbanso ndi ya zisudzo. Wolemba buku samuona wowerenga wake akuyasamula. Wolemba sewero amakhala kumbuyo kwa holo n'kumamva zonse: mipando ikuyamba kulira, chifuwa chikugwira anthu amene adalowa ali bwinobwino, kuwala kwa mafoni kukuoneka apa ndi apo. Palibe amene wakunyoza, koma chiweruzo chaperekedwa, ndipo umadziwa mzere weniweni umene anthu adakusiyira.

Sewero loyamba limene ndidalembera ophunzira anga lidali ndi malo pamene bambo amayankhula nthawi yaitali kwa mwana wake wamwamuna. Ndinkawakonda mawu amenewo kuposa ena onse m'seweromo. Mnyamata amene ankasewera bamboyo adali wakhama, koma tsiku lililonse pokonzekera ankaiwala mizere yomweyomweyo, isanu kapena isanu ndi umodzi ya pakati. Ndidamukalipira kawiri. Tsiku lachitatu ndidakhala pansi n'kuiyang'ana mizereyo, ndipo ndidaona chimene mutu wa mnyamatayo udaona kale. Bambo uja adalibe chifukwa chonenera mawu amenewo kwa mwana wake. Adali maganizo anga, amene ndinkafuna kuti oonerera apite nawo kwawo, ndipo ndidangowapachika pakamwa pa mpangankhani. Mnyamatayo ankawaiwala chifukwa padalibe chingwe chowamangirira ku zimene bamboyo ankafuna. Ndidawachotsa, ndidamupepesa, ndipo sadaiwalenso mzere.

Konstantin Stanislavski, mmodzi wa amene adakhazikitsa gulu la zisudzo la Moscow Art Theatre ku Russia mu 1898, ankaphunzitsa kuti wosewera adziwe chimene munthu amene akumusewerayo akufuna pa mphindi iliyonse. Funso limeneli ndidalitenga pasiteji n'kupita nalo m'kalasi, ndipo limagwira ntchito ngakhale pa kalata yofunsira ntchito kapena lipoti la msonkhano. Chiganizo ichi chikufuna chiyani kwa wowerenga? Chimene chilibe yankho chichoke. Ndili ndi kamasewera kamene ndimachititsa ana tisanayambe kulemba nkhani. Ndimaimiritsa awiri kutsogolo. Wina walakwira mnzake ndipo akufuna kupepesa, koma saloledwa kunena kuti pepa. Winayo akufuna kukhululuka, koma safuna kuoneka wofewa. Zimene zimatuluka pamenepo n'zodabwitsa. Amakamba za cholembera chobwerekedwa, za mvula, za mpira, ndipo kalasi yonse imamva kupepesa kukudutsa pansi pa mawuwo. Akabwerera ku makope awo, apangankhani awo amasiya kulengeza zakukhosi ngati akuwerenga chikalata.

Amene akuyesa kuti izi ndi zoseweretsa ana akumbukire za ku Kamiriithu, mudzi wa pafupi ndi Limuru ku Kenya. Mu 1977 Ngũgĩ wa Thiong'o, yemwe adali kale mlembi wotchuka ndiponso mphunzitsi wa payunivesite ya Nairobi, adalemba sewero m'Chigikuyu pamodzi ndi Ngũgĩ wa Mĩriĩ. Alimi ndi antchito a m'mudzimo adamanga okha bwalo la zisudzo lapamtetete, ndipo kukonzekera kunkachitika poyera, aliyense wodutsa akuona. Anthu amene ena sadapite patali ndi sukulu ankawakonza alembi ophunzirawo, kuwauza kuti munthu wachikulire sayankhula choncho, kapena kuti ntchito ya m'fakitale simayenda momwe alembera. Nyimbo ndi magule zidalowa m'sewerolo kuchokera kwa eni ake. Boma lidaletsa sewerolo patangopita milungu yochepa, ndipo pa mapeto a Disembala chaka chomwecho Ngũgĩ adatsekeredwa kundende ya Kamiti, komwe adakhala pafupifupi chaka osazengedwa mlandu. Mu 1982 bwalo lija lidagwetsedwa. Mabuku ake a m'Chingerezi adali atadzudzula kale olamulira, koma sadamutengere kundende. Adatengedwa pamene mawu ake adalowa m'kamwa mwa anthu wamba n'kumveka m'makutu a anzawo. Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi chithunzi cha mlembi wamkulu ataima pabwalo, akulola kuti mlimi amukonze chiganizo.

N'chifukwa chake zimandipweteka kuona momwe timaphunzitsira masewero enieniwo. William Shakespeare ankalembera gulu la osewera amene ankawadziwa mawu awo ndi mpweya wawo. Atamwalira mu 1616, anzake awiri a pasiteji, John Heminges ndi Henry Condell, ndiwo adasonkhanitsa masewero 36 n'kuwasindikiza mu 1623, ndipo pafupifupi theka la iwo adali asadasindikizidwepo. Adakhala ndi moyo pasiteji asadakhale m'buku. Ife timawapatsa ana atakhala pansi, kuti aloweze mayankho a mafunso okhudza mawu amene sadawamvepo akutuluka m'kamwa mwa munthu. Kenaka timadabwa akamati n'zotopetsa.

Aphunzitsi anzanga ali ndi mayankho, ndipo sindiwapeputsa. Loyamba ndi la nthawi. Kalasi ndi yaikulu, silabasi ndi yaitali, ndipo m'chipinda cha mayeso palibe amene adzaloledwe kuwerenga mokweza. N'zoona. Koma woimba amene waimba zaka zambiri amatha kuyang'ana manoti n'kuimva nyimbo m'mutu, pakamwa pali potseka. Cholinga cha kuwerenga mokweza n'chakuti liwulo lisamukire m'kati, kuti pa tsiku la mayeso mwana alimve yekha. Mlembi wa ku France Gustave Flaubert adatha zaka pafupifupi 5 akulemba buku lake lotchuka la Madame Bovary, ndipo ankafuula ziganizo zake m'chipinda kuti amve pamene zikutsimphina. Mwana wa m'kalasi yaikulu safunika zaka zisanu. Mphindi khumi zokha, awiriawiri, wina akuwerengera mnzake ndime imodzi, zimagwira zolakwika zimene ine ndikadatha usiku wonse ndikuzizunguliza ndi inki yofiira, ndipo amazigwira ndi mwini wake.

Yankho lachiwiri ndi lolemera kwambiri, ndipo ndakhala nalo masiku ambiri. Khutu limanyengeka. Mawu okoma kumva si onse oona, ndipo dziko laona anthu olankhula mokoma akutsogolera makamu kuphompho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kodi pophunzitsa ana kagundidwe ka mawu sitikuwaphunzitsa kukometsera bodza? Ndivomere kuti khutu siligwira chilichonse. Chaka cholakwika chimamveka bwino ngati cholondola, ndipo chiwerengero chabodza sichitsamwitsa munthu. Zimenezo zimafuna maso, mabuku ndi kufunsa. Komabe bodza limene khutu limagwira ndi lina, lija mlembi amadzinamiza yekha, ngati la mtsikana wa galasi ndi mtsinje. Ndaonanso kuti mwana amene adamangapo yekha mawu okopa anthu, amene adaonapo momwe kubwereza katatu kumaimiritsira holo, sakhala wophweka kumunyenga. Amadziwa pomwe pali msoko. Amene sadaloledwepo kugwira zida zimenezi ndiye amagwa nazo msanga zikakhala m'manja mwa wina.

Lachitatu lidachokera kwa mnzanga amene amaphunzitsa ana osamva. Adandifunsa modekha ngati ndikunena kuti ana ake sangalembe. Funsolo lidandichititsa kuganizanso mawu anga. Wopeka nyimbo Ludwig van Beethoven adali atagontha pamene nyimbo yake yaikulu yachisanu ndi chinayi inkaimbidwa koyamba ku Vienna mu 1824, koma iye adakula akumva, ndipo nyimbo idali itakhazikika kale m'thupi mwake. Helen Keller adasiya kuona ndi kumva ali ndi miyezi 19 yokha, komabe adalemba mabuku, ndipo ankatsata zoyankhula za anthu poika zala pamilomo ndi pakhosi pawo. Ndakatulo ya m'chiyankhulo cha manja ili ndi kufulumira kwake, kuima kwake ndi kubwereza kwake. Ndiye ndikamati khutu ndikunena kumva kwa thupi lonse kuti mawu amayenda m'nthawi, ndipo amachoka kwa munthu kupita kwa munthu. Chimodzimodzi mwana wachibwibwi kapena wamanyazi. Kumuimiritsa kutsogolo kwa anzake n'kumuzunza. Anong'oneze mnzake mmodzi pakona, kapena mnzakeyo amuwerengere iye akumvetsera.

Za maulendo ndimayankhula mosamala, chifukwa anthu amazikweza mopitirira. Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo n'zoona, koma ndaonapo anthu oyenda maiko ambiri akubwerera ndi maso omwe adapita nawo. Ibn Battuta adachoka kwawo ku Tangier, ku Morocco, mu 1325 ali ndi zaka 21, ndipo adayenda pafupifupi zaka 30, mpaka ku Kilwa, ku India ndi ku Mali. Atabwerera adafotokoza ulendo wake pakamwa, mlembi wotchedwa Ibn Juzayy akulemba. Komabe akatswiri adapeza kuti mbali zina zofotokoza mizinda ngati Damascus ndi Mecca zidatengedwa m'zolemba za Ibn Jubayr, amene adayendako kale. Ngakhale m'buku la munthu woyenda chotero mudalowa maso obwereka. Katswiri woganiza mozama Immanuel Kant sadapite kutali ndi mzinda wa kwawo wa Königsberg moyo wake wonse, koma adaphunzitsa za maiko a dziko lapansi kwa zaka zambiri. Mtunda wokha supanga mlembi, ndipo sindifuna kuti mwana amene sangathe kukwera ndege aziganiza kuti khomo lamutsekekera.

Chimene ulendo udandipatsa ine ndi umbuli. Usiku wina ndidakwera sitima m'dziko limene chiyankhulo chake sindinkachimva ngakhale liwu limodzi. Moyang'anana nane mudakhala mayi wachikulire ndi mwana wake wamwamuna, bambo wandevu zake. Ankakangana motsitsa mawu. Poti tanthauzo lidanditsekekera, ndidatsala ndi zina zonse: kutalika kwa ziganizo, amene ankadula mnzake, amene ankayang'ana pawindo. Mayiyo ankayankhula mawu ochepa, n'kusiya mpata wautali. Mwanayo ankadzaza mipatayo ndi mawu ambirimbiri othamanga, ndipo m'mene ankachulukitsa ndi m'mene ndinkadziwira kuti wolakwa ndi iye. Patapita nthawi adaleka. Adakhala chete mtunda wautali, kenaka adavula jekete lake n'kufunditsa mayi akewo m'miyendo. Mayiwo sadathokoze, sadalichotsenso. Sindidzadziwa chimene ankakangana, koma sewero lonse ndidaliona, ndipo ndidazindikira kuti m'chiyankhulo changa chomwe zinthu zotere zimandidutsa tsiku lililonse chifukwa ndimathamangira tanthauzo.

Kuchokera pa ulendo umenewo kope langa la m'thumba ndimaligawa pawiri. Kumanzere ndimalemba zimene ndamva ndi kuona, kumanja zimene ndikuganiza. Ndikalitsegula patapita zaka, tsamba lakumanja limakhala litafota, lodzaza nzeru zimene aliyense akadanena. Lakumanzere limakhala likadali lamoyo: mawu a wogulitsa matikiti, kulira kwa mabuleki, mwana amene ankawerenga mitengo ya magetsi mokweza mpaka kugona.

Umlendo wotere sufuna pasipoti. Kamodzi pa teremu ndimatulutsa kalasi yonse panja, aliyense ndi kope lake. Amakhala pansi, amatsinzina mphindi zisanu, ndipo akatsegula maso amalemba zimene amva basi, popanda kufotokoza kuti zidali zokoma kapena zoipa. Poyamba amalemba zitatu: mbalame, galimoto, anthu. Ndimawabweza. Mbalame yanji, ikulira bwanji, kangati? Anthuwo amati chiyani, ndi mawu awo enieni? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika ulendo wachitatu masamba amadzaza, ndipo ana amene akhala pamalopo zaka zinayi amadabwa kuti geti limalira mosiyana polowa ndi potuluka. Ntchito ya kunyumba ya tsiku limenelo imakhala yakuti abweretse mawu khumi amene amva munthu akunena, osatchula dzina lake, osawakonza galamala.

Sindikupempha kuti nthawi ya masamu iperekedwe ku kwaya. Ndikupempha kuti mphunzitsi wa chiyankhulo aleke kuona mphunzitsi wa nyimbo ndi wa zisudzo ngati anthu a zosangalatsa, chifukwa akugwira ntchito yake yomwe kuchokera mbali ina. Ndikupempha kuti sewero lililonse la pasilabasi liimiriridwe ngakhale kamodzi, madesiki atakankhidwira kukhoma, ndakatulo iliyonse imveke m'chipindamo isadafunsidwe mafunso, ndipo chimangirizo chisafike patebulo la mphunzitsi chisadadutse pakamwa pa mwini wake. Zimenezi sizifuna ndalama. Zimafuna mphunzitsi wolola phokoso, ndi mkulu wa sukulu amene akamva phokosolo podutsa pakhonde sathamangira kukaliletsa.

Mtsikana uja adalembanso chimangirizo chake. Chidafupika ndi theka, ndipo miyambi iwiri ija idachoka. Adapempha yekha kuti awerengere kalasi. Adawerenga za nsapato zili pakhomo, za anthu akuzilambalala, za mng'ono wake amene adafuna kuzivala n'kuletsedwa ndi maso okha. Atamaliza m'chipindamo mudati zii, ndipo ndidasiya kuti zikhale choncho. Kenaka mnyamata wina wa kumbuyo, amene sankakonda kuyankhula m'kalasi, adakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Nanga nsapatozo adadzazichotsa ndani?" Mtsikanayo adayang'ana pansi. Adati adazichotsa ndi iyeyo, tsiku lachinayi m'mamawa anthu asadadzuke, ndipo pamenepo m'pamene adalira. Zimenezo sadazilembe. Ndidatambasula dzanja kuti ndilandire kopelo, koma iye adalikumbatira pachifuwa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndibweretsa mawa."